Makina Omwe Ankadziwa Dzina la a Tauno

A Tauno Lahtinen anali munthu woumira. Sindikunena za m'thumba ayi, pakuti khofi wa Loweruka ankagulira gulu lonse, ndipo buledi wotsekemera uja wa anthu akwawo ankabwera naye atamukulunga m'nsalu akadali wofunda. Iwo ankaumira nzeru. Ukawafunsa kuti waya uyu akupita kuti, ankakuyang'ana ngati wawapempha mkazi, kenako n'kukuuza kuti kunja kukuzizira.

Ine ndine Marlene. Ndinakalambira pa tebulo lokonzera mawailesi ndi ma TV kuno ku Thunder Bay, mpaka anthu anasiya kukonzetsa zinthu n'kuyamba kungotaya. Nditapuma ntchito ndinalowa kagulu komwe kamakumana Loweruka m'mawa m'chipinda chapansi pa tchalitchi. Ntchito yathu ndi yodzutsa makompyuta akale, aja ankalumikizidwa ku TV, omwe ana amawapeza kudenga akamasesa m'nyumba maliro atatha. Amabwera ali achikasu ngati mano a wosuta fodya, mkati muli fumbi, manyi a mbewa ndi batire lomwe linatuluka madzi kalekale n'kudya mawaya. Chomwe chimatikomera kwambiri ndi timabolodi towonjezera tomwe eni ake ankasomekamo: tina towonjezera liwiro, tina toimbitsa nyimbo, tina tosadziwika n'komwe ntchito yake. Timatizungulira, timawerenga nambala zolembedwa pa titchipi, tizidutswa takuda tija ta miyendo yambirimbiri, n'kumakangana mpaka khofi azizire.

Lamulo tili nalo limodzi basi. Titchipi tina timasunga zinthu mkati, ndiye makina akangofika, tisanawakonze n'komwe, timayamba takopera zamkatizo n'kuzisunga padera. Katchipi kotere kamakhala ndi kazenera ka galasi pamsana, komatidwa ndi kapepala. Kuwala kwamphamvu kukalowa pakazenerapo, zonse zimafufutika. Palibe wa ife amene sazidziwa zimenezi. Wobwera kumene timamuuza tisanamusonyeze ndi kuchimbudzi komwe.

A Tauno anabadwira konkuno, kwa makolo ochokera ku Finland, ndipo moyo wawo wonse anagwira ntchito ya magetsi kufakitale ya mapepala. Tsiku loyamba kapitawo anayang'ana dzina lawo, n'kuona kuti likumutopetsa lilime, basi anati Tono. Linakanirira. Anzawo ankati Tono, wolipira malipiro ankati Tono, pa keke yowatsanzikira popuma ntchito analembapo Tono. Iwo sanatsutsepo, koma sankayankha msanga. Ngakhale ine, amene ndinkayesetsa, ankandiuza kuti ndimalitchula ngati ndaluma mbatata yotentha.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankalitchula bwino: mkazi wawo, mayi Hilkka. Iwowo anabwera kuchokera ku Finland ali kale munthu wamkulu, ankaphikira anthu odula mitengo, ndipo pakamwa anali napo. Akaitana kuti "Tauno!" msewu wonse unkadziwa kuti bambo alowa m'nyumba ndi nsapato za matope. Kenako kunabwera khansa ya pakhosi. Madokotala anachotsa kholingo, moyo unatsala, mawu anapita. Kuchipatala anawapatsa kachipangizo kogunditsa pakhosi komwe kamalira ngati njuchi, iwo anakaponya m'chidebe cha zinyalala ali pakhomo pa chipatala pomwepo. Anayamba kulemba pa sileti ndi kumenya tebulo. Koma munthu wozolowera kukalipa, choko chimamuchedwetsa. Akamamaliza kulemba, wolakwa uja anali atatuluka kale.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho a Tauno anaithera m'galaja. Anagula kompyuta, imodzi mwa zoyambirira kufika m'masitolo a kuno, n'kuipangira kabolodi ndi manja awo, koti munthu akalemba mawu, makina azilankhula. Ataibweretsa m'khichini, mayi Hilkka anakhala pansi n'kulemba dzina la mwamuna wawo. Makina anati, "Tono." Mayiwo anavula silipasi n'kugenda sipika.

Ndiye anayamba ntchito yeniyeni, awiriwiri. Bambo ankasintha kamvekedwe ka chilembo chimodzi, n'kuyesa, mayi n'kupukusa mutu. Asinthenso, apukusenso. Anatero ndi chilembo chilichonse, kuti chizituluka monga chinkatulukira m'kamwa mwa mayiwo, ndi kukoka kwake, ndi kugunda kwa lilime kwa anthu akwawo. Zonsezo bambo ankazisunga poziwotchera m'katchipi ka kazenera kaja. Tsiku lomwe makina anati "Tauno" molondola, akuti mayi Hilkka anaseka mpaka misozi, kuseka kopanda phokoso, kenako analemba kuti, "Tauno, nsapato." Mawuwo ankamveka ngati a mwamuna amene wavala ndowa kumutu. Koma kukalipa kwake kunali kwa Hilkka, ndipo oyandikana nawo anayambanso kudziwa za matope.

Apa ndi pomwe mzimu woumira unawalowa. Anaganiza zoti kabolodi kaja kawalemeretsa. Anapita nako ku chionetsero ku Toronto, ndipo kumeneko anaona amuna ovala mataye akuwerama pa tebulo lawo, akuwerenga nambala za pa titchipi, wina akulemba m'dzanja. Atabwerako anatenga sandipepala n'kukwecha nambala zonse, katchipi ndi katchipi, mpaka misana yonse inangoti mbuu. Mapepala omwe anajambulapo njira za mawaya anawasonkhezera moto wa m'sauna, bafa lawo la nthunzi. Anthu opanga zinthu m'magalaja ankachitadi zimenezi masiku amenewo, si iwo okha. Koma palibe anabwera kudzaba, palibenso anabwera kudzagula. Makampani akuluakulu anatulutsa zawo, ndipo kabolodi ka a Tauno kanatsala kamodzi komweko padziko lonse, m'khichini, pafupi ndi mphika wa khofi.

Mayi Hilkka anakalipa nako zaka zambiri. Ana atawagulira makina atsopano a mawu osalala, analemba kuti, "Chotsani hule ameneyu m'nyumba mwanga." Atamwalira, bambo sanasunthe kanthu. M'mawa uliwonse ankayatsa kompyuta n'kulemba okha, ndi chala chimodzi, mawu omwe ankawamva kale. Izi sanatiuze. Anandiuza mwana wawo wamkazi, yemwe anawapezerera tsiku lina akuvula nsapato pakhomo chifukwa makina awauza.

Zaka zonse zomwe anakhala m'gulu lathu sanaibweretsepo kompyutayo. Tinkangoimva mbiri. Mpaka Loweruka lina, chipale cha nyengo yozizira chitayamba kusungunuka, anatsika masitepe atainyamula m'bulangete ngati mwana wodwala. Anaiika pa tebulo langa osapereka moni.

"Yasiya kulankhula," anatero.

Nditatsegula ndinangoti kakasi. Kabolodi kowotcherera mwaluso, mtovu wake wowala ngati wa dzulo, koma titchipi tonse tilibe nkhope. Ndinayeza apa ndi apo. Moto unkafika bwino, katchipi ka kazenera kankayankha, koma kamodzi kakakulu, komwe kamapanga mawu enieniwo, kanali katafa.

"A Tauno, aka kakufa aka n'kachiyani?"

"Kakuda."

"Ndikuona kuti n'kakuda, maso ndili nawo. Nambala yake?"

"Zonse zili muno," anatero akugogoda pamutu ndi chala.

"Ndiye zitulutsenitu, tigule kena."

Anayang'ana katchipi kaja, milomo ikugwedera pang'ono ngati munthu wowerenga chamumtima, kenako anayang'ana kudenga. Anagogodanso pamutu, koma mofooka. "Ndikakuuza iwe, mawa dziko lonse lidziwa," anatero. Ena anaseka, akuti madala sasintha. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona. Sankabisa ayi. Anali ataiwala, ndipo anasankha kuoneka woumira kusiyana n'kuoneka wokalamba. Zinandipweteka, koma zinandipsetsanso mtima.

"Chabwino, ndikafufuza ndekha. Koma tiyambe takopera zomwe zili m'ka kazeneraka."

"Ayi."

"Ndi lamulo lathu, inunso mumalidziwa."

"Lamulo lanu ndi la zidole zanu. Umu muli ntchito yanga ndi Hilkka. Mukakopera, Blair akaika pa intaneti, mawa mnyamata wa ku Korea akugulitsa."

"Agulitse chiyani, bambo inu? Ndani padziko pano akufuna kompyuta yokalipira anthu za nsapato?"

"Ndati ayi, Marlene."

Ndinawauza kuti mutu umodzi susenza denga. Anandiyankha kuti denga la nyumba yawo anakhoma okha. Anawonjeza kuti kompyutayo isachoke m'kabati ya gulu, ndiziigwira Loweruka lokha. Sabata yotsatira analowa m'chipatala kukakonzetsa chiuno, ndipo anauzidwa kuti akhala nthawi asanatsikenso masitepe.

Blair Tomchuk amene a Tauno anamutchulayo, mnzathu wa m'gulu, si munthu woipa, ndipo n'chifukwa chake amanditopetsa. Ndi bambo wa ana awiri, wogulitsa inshuwalansi, wamtima wabwino ngati galu wamkulu amene amagwetsa makapu ndi mchira. Matenda ake ndi oyeretsa. Akaona kompyuta yachikasu amasowa tulo. Amapaka zikopa zake zapulasitiki mankhwala n'kuziika m'shedi mwake pansi pa nyale yamphamvu, ija yophera tizilombo, mpaka ziyere ngati zatsopano, iye akujambula vidiyo yoti anthu amuyamikire.

Ine ndinayamba ntchito yanga ya kamba. Katchipi kopanda nambala umakadziwa ndi miyendo: mwendo uwu ukulandira moto, uwu ukupita ku sipika, awa akumvera kompyuta. Ndinkatsata njira iliyonse ndi galasi lokulitsira, Loweruka ndi Loweruka, kenako n'kumafananiza ndi mabuku akale a zipangizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinadekhadi mpaka khosi linauma. Nditakazindikira, ndinatukwana m'nyumba ya Mulungu. Chinsinsi chachikulu chija chinali katchipi wamba, komwe masiku amenewo kankagulitsidwa m'sitolo iliyonse ya mawailesi, kolendewera pa msomali pafupi ndi mabatire. Ine ndemwe ndinagulitsapo tambirimbiri. Munthu anakwecha, anawotcha mapepala, anadana ndi anzake, kubisa chinthu chomwe mwana wasukulu aliyense akanagula. Chomwe chinali chawochawo, chosapezeka kwina kulikonse, chinali m'katchipi ka kazenera kaja, komwe anatiletsa kukopera.

Katchipi kena ka mawu kamoyo ndinakapeza m'wotchi yakale yolankhula yomwe mnzathu wina anali nayo m'galaja. Loweruka lotsatira ndinafika nako ndili wonyada, n'kupeza m'kabati mulibe kanthu. Ndisanakuwe, Blair anatsika masitepe atanyamula kompyuta yoyera mbee, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Anti, taonani! Madala akabwera sakaizindikira."

"Wakuuza ndani kuti uitenge?"

"Aaa, ndi mphatso chabe. Munthu akuchokera kuchipatala, apeze kanthu kosangalatsa."

Ndinatsegula. Kabolodi kanali m'malo mwake. Koma kapepala ka pakazenera, komwe ndinakasiya kachikasu ndi kouma, kanali katamatidwanso ndi selotepi yatsopano, mokhota.

"Blair, ichi n'chiyani?"

"Oo, ndinangomatula pang'ono. Ndimati mwina pansi pake pali nambala, ndikuthandizeni. Mulibe."

"Utamatula, kabolodiko unakaika pati?"

"Pa shelefu."

"Shelefu ya kuti?"

Kumwetulira kuja kunayamba kuchoka pang'onopang'ono. "Ya m'shedi. Koma si pansi pa nyale penipeni, anti. Chapambali."

"Nyale inayaka nthawi yaitali bwanji?"

"Chikasu chake chinali chokanika," anatero motsitsa mawu. "Ndinaisiya masiku angapo."

Sindinamumenye, ngakhale chowotcherera chinali m'manja mwanga chili chotentha. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti Blair ankadziwa. Munthu wamba sakanamatula kapepalako, chifukwa sakanafuna nambala. Munthu wamba alibe nyale yotero m'shedi. Zinatengera mmodzi wa ife, wodziwa zonse, wofuna kuthandiza. Ndinangosomeka katchipi katsopano kaja, osayatsa. Ndinalibe mtima woyatsa mwini wake palibe.

A Tauno anabwera dzuwa litayamba kutentha, ali ndi ndodo, mwana wawo atawasiya pakhomo. Anatsika masitepe okha, kukana dzanja la aliyense. Anali atameta ndevu ndi kuvala shati yosita. Ataona kompyuta yoyera ija anaima.

"Yanga ili kuti?"

"Ndi yomweyi, madala," anatero Blair. "Ndinangoisambitsa."

"Panali chizindikiro cha kapu ya Hilkka apa."

Ndinawauza kuti katchipi kaja ndakapeza, ndipo ndinatchula nambala yake. Anagwedeza mutu ngati ankaidziwa nthawi yonseyi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zinazo, koma iwo anali atakhala kale pansi n'kuyatsa. Analemba dzina lawo ndi chala chimodzi. Sipika inangoti sooo, ngati mpweya wotuluka m'tayala, n'kusiya. Analembanso. Chimodzimodzi.

Ndinawafotokozera, Blair ataima pambali akutuluka thukuta. Sanakalipe. Anayang'anitsitsa selotepi ija nthawi yaitali.

"Mwina sizinafufutike zonse," anatero. "Kopera, Marlene."

"A Tauno..."

"Ndakuloleza. Kopera. Blair akafuna aike pa intaneti, zilibe kanthu. Aliyense atenge."

Mawu amenewa ndinawadikira nthawi yonse ija, ndipo anabwera ngati mankhwala ofika maliro atanyamuka. Ndinazula katchipiko, ndinakaika m'makina okoperera. Pa sikirini panatsika mizere, yonse yofanana, chilembo chimodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, monga kamaonekera katchipi kongochoka kufakitale. A Tauno ndi munthu wa magetsi, sanafunikire womasulira. Anatsata mizereyo ndi maso mpaka wotsiriza.

"Mungathe kuzipanganso," anatero wina kumbuyo. "Si munapanga nokha?"

"Ine ndinkangosintha," anayankha. "Wopukusa mutu anali iye."

Apa Blair, misozi ili m'maso, anachita zomwe anthu amtima wabwino amachita akathyola chinthu: anafuna kukonza pompo. Anati katchipi ka mawu kaja n'kodziwika, matchulidwe ake a kufakitale alipo pa intaneti, angathe kuwawotchera m'katchipi ka kazenera kaja nthawi yomweyo. Ndinamuuza kuti akhale pansi. Koma a Tauno anakweza dzanja kuti ndimusiye. Ndikuganiza kuti ankayembekezera kuti Hilkka anatsalirako penapake, m'mawaya kapena m'sipika ija anaigenda silipasi. Blair anagwira ntchito mofulumira, ndipo ulendo uno kazenera anakamata bwino kwambiri.

Anayatsa. A Tauno anakokera mpando pafupi, anapukuta chala pa shati, n'kulemba zilembo zisanu zija.

"Tono," anatero makina, momveka bwino.

"Ikulankhula, madala," ananong'ona Blair. "Penapake tayambira."

"Uyu ndi kapitawo," anatero a Tauno. "Zimitsani."

Anaimirira, anatenga ndodo yawo. Ndinawafunsa ngati tiwanyamulire kompyutayo kugalimoto, anati tiisunge, ndi yoyera bwino, ikhala pa shelefu yathu. Buledi anali atabwera naye monga mwa masiku onse, ndipo anamusiya pa tebulo osamumasula.

Ndakhala ndikufuna woti ndimuimbe mlandu wonse, kuti mtima ukhale pansi. Ndikamuyang'ana Blair ndimapsa mtima. Ndikakumbukira sandipepala ndi "ayi" uja ndimapsanso mtima. Madzi akatayika saoleka, anthu amatero, koma amene amanena zimenezi sakhala amene anali ndi ludzu. A Tauno sanabwerenso ku gulu. Anakhala zaka zina ziwiri m'nyumba yachete, ndipo mwana wawo akuti pansi m'khichini munkangokhala matope.

Tsiku lija ndinawatsatira mpaka pansi pa masitepe. Ankakwera pang'onopang'ono, phazi limodzi, ndodo, phazi lina. Ndinakonza lilime langa bwinobwino, ndinakoka pomwe mayi Hilkka ankakoka, n'kuitana mokweza momwe ndikanathera.

"Tauno!"

Anaima pang'ono, dzanja lili pa chitsulo chogwirira. Kenako anapukusa mutu osacheuka, n'kupitiriza kukwera.